Dzanja la a Mbama ndi Kamphete ka Kuwala

Bambo amenewa anabadwa ndi chimwemwe chosadziwa kukhala mumtima. Chikangobwera chimathamangira kudzanja lamanja, ndipo dzanjalo limayamba kufunafuna choti limenye. Likapeza tebulo, ndi tebulo. Likapeza bondo la mnzawo, mnzawoyo ndiye wazionera. N'chifukwa chake kulabu ya sayansi ya payunivesite kumene anagwira ntchito mpaka tsitsi kuchita mbuu, dzina lawo la pachiphaso linkadziwika ndi a muofesi okha. Ena onse, kuyambira mlonda wa pakhomo mpaka a Pulofesa, ankangoti a Mbama.

Anali munthu wamfupi, wa chifuwa chotakata, woseka chikhakhali chimene chinkafika iwo asanafike. Kunyumba kwawo ana anakula akudziwa kuti bambo akamva nkhani yabwino, choyamba ndi kunyamula makapu. Wailesi yawo yoyamba inafa tsiku limene timu yawo inachinya chigoli mpira uli pafupi kutha. Akazi awo, mayi wodekha amene ankagwira ntchito yauzamba kuchipatala, anachotsa tebulo lagalasi pabalaza n'kuikapo la matabwa ochindikala. Mlendo akafunsa chifukwa chake, ankangoyankha kuti, “Dikirani bambo asangalale, muona nokha.”

Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo anali ndi zala zofatsa zedi. Ntchito yoyamba anaiphunzira kwa amalume awo okonza mawotchi. Akagwira kasipuling'i kochepa ngati nsidze ankangoti zii, lilime lili pakati pa mano, ngakhale ntchentche itawatera pamphuno. Amalumewo ankawadziwa bwino. Wotchi ikangoyamba kuyenda ankailanda msangamsanga, kenaka n'kuwasiya amenye benchi mmene angafunire.

Anthu atayamba kutaya mawotchi m'malo mowakonzetsa, a Mbama analowa kampani ya matelefoni. Kumeneko ankatsikira m'maenje a m'mbali mwa msewu kukalumikiza ulusi wagalasi, uja umanyamula mauthenga a intaneti pogwiritsa ntchito kuwala. Tsiku lina anatumidwa kukalumikiza ulusi woduka m'nyumba ya sayansi payunivesite. Mayi wina wamtali, wovala magalasi, anaima kumbuyo kwawo n'kumayang'ana zala zawo. Ntchito itatheka, a Mbama anamenya bokosi la zida, pha! Mayiyo anadzidzimuka, koma anafunsabe kuti, “Bambo, simungakonde ntchito ya pamthunzi?” Amenewo anali a Pulofesa. Anakopeka ndi zala, mbamayo anaiona ngati nkhani yaing'ono. Anadzaidziwa bwino pambuyo pake.

Labu yawo ili m'chipinda chapansi, chopanda zenera, chozizira chaka chonse. Pakati pali tebulo lachitsulo lalikulu kuposa bedi, lodzaza timabowo, ndipo miyendo yake ndi yopopedwa mpweya ngati matayala kuti lole ikadutsa kumsewu, zinthu za pamwamba zisagwedezeke. Tebulo limenelo silitsamiridwa, siliikidwapo kapu, ndipo wofuna kuyetsemula amathawira kunja. Ndiye taganizani, m'chipinda chotere ndi mmene a Pulofesa analowetsa munthu womenya matebulo.

Ntchito ya m'chipindamo ndi kuweta kuwala. Amatenga kuwala kwa leza, kofanana ndi kadontho kofiira kaja aphunzitsi amalozera pabolodi, n'kukulowetsa m'kachipu, kachidutswa kosalala kochepa ngati chikhadabo cha khanda. Pakachipupo pamakhala tinjira tosemedwa ndi makina, toonda kwambiri moti tsitsi limodzi likagona pambali pake limaoneka ngati chipika. Kuwala kumayenda m'kanjirako n'kulowa m'kamphete, mmene kumazungulira, kuzungulira, kuzungulira, mpaka kudzazana. Kamphete kakakhala kopangidwa bwino, kuwala kwa mtundu umodzi kumene kunalowa kumaswana n'kutuluka mitundu yambirimbiri, ndipo pasikirini ya kompyuta imaoneka itandandalikana ngati mano a chipeso. A m'labumo amangoti chipeso. A Mbama masamu ake sankawadziwa, ndipo sankanamizira kuwadziwa. Koma phindu lake ankalifotokoza ndi moto: mtundu uliwonse ukhoza kusenza mauthenga akeake, ndiye ulusi umodzi wa m'dzenje muja unganyamule nkhani za tauni yonse. Akafika pamenepa omvera ankayamba kusuntha maondo.

Gawo lawo linali lofikitsa nsonga ya ulusi pakhomo pa kanjira. Nsongayo iyenera kuyandikira kachipu mpaka patsale mpata woti tsitsi silingadutse, koma isakhudze. Ikakhudza imathyoka, imakanda khomolo, ndipo kachipuko kafa. Mosiyana ndi kadontho kofiira kaja, kuwala kumene amagwiritsa ntchito sikuoneka ndi maso, choncho munthu amapotokola tizitsulo tosunthira ulusi uku akumvetsera kamita kena kolira ngati udzudzu. Kuwala kukalowa bwino kuliraku kumakwera, kukaphonya kumatsika. A Mbama ankaikonda ntchitoyi kuposa chakudya. Ankati ndi kulowetsa ulusi pasingano, kungoti singanoyo yabisala, ulusinso wabisala.

Tsoka linagwa chaka chawo choyamba. Wophunzira wina anali atavutikira kachipu kake nthawi yaitali, ndipo tsiku loyesa litafika a Mbama anafikitsa ulusi bwinobwino. A Pulofesa anakweza mphamvu ya leza pang'onopang'ono. Pasikirini panaphuka dzino loyamba la chipeso, kenaka lachiwiri. Lachitatu a Mbama sanalione. Anangomva kuti pha, ndipo atayang'ana pansi anapeza kuti dzanja lawo lili patebulo. Tebulo linayendayenda pampweya wake, ulusi unabaya kachipu, mano aja anazimiririka. Wophunzirayo sanalalate. Anavula magalasi oteteza maso, kuwapinda bwinobwino, n'kutuluka. Anamaliza sukulu mochedwa ndi chaka chathunthu.

Ankayembekezera kalata yowachotsa ntchito, koma a Pulofesa anagula mpando. Unali wapulasitiki, woyera, ndipo anauika mukolido pafupi ndi chitseko cha labu. Lamulo lake linali lachidule. A Mbama afikitse ulusi, kamita kavomere, kenaka atuluke akakhale pampando mphamvu isanakwezedwe.

“Zala zanu ndikuzifuna, bambo,” anatero a Pulofesa, “koma chimwemwe chanu chizidikira panja.”

Zaka zinadutsa choncho. Ophunzira ankabwera, kulowa, kutuluka ndi madigiri, ndipo aliyense ankadutsa m'zala za a Mbama. Koma nthawi yokoma ikafika, iwo ankakhala pampando wawo, khutu lili kuchitseko. Ankamva kamita kakulira chapatali, kenaka bata, kenaka mawu a munthu akunong'ona kuti, “Chabwera.” Apo ankamenya ntchafu zawo mpaka kutentha. Zithunzi za chipeso ankaziona pamakoma, koma chithunzi ndi chithunzi. Ophunzira ankawauza kuti kamphete kakadzaza kamayaka kobiriwira pakamera, ndipo mano amaphukira uku ndi uku ngati akuitanizana. Iwo ankafunsa mobwerezabwereza kuti, “Kubiriwira kwake kotani? Kwa masamba kapena kwa magetsi a pamsewu?” Aliyense ankayankha zosiyana.

Akazi awo ankawaseka. “Inu ndinu chimodzimodzi azibambo a kuchipatala kwanga,” ankatero. “Ntchito munagwira nawo, koma mwana mumamumvera pachitseko.” A Mbama ankaseka nawo, koma kunena zoona zinkawawawa. Ankalakalaka ataona chipeso chikubadwa, kamodzi kokha, asanapume pantchito.

M'chaka chawo chomaliza, m'labumo munali wophunzira wamkazi amene anzake ankamutcha Phee. Ankayankhula motsitsa kwambiri moti a Pulofesa ankachita kuwerama kuti amve. Mano ake palibe amene anawaonapo. Ukamuuza nthabwala ankagwedeza mutu mwaulemu ngati wamuuza nthawi ya basi. A Mbama anayesa nthabwala zawo zonse, zakale ndi zatsopano, koma zinkangobwerera. Ankamukondabe, chifukwa mtsikanayo ankabwera kudzaima pambali pawo kuonerera akamagwira ntchito, ndipo ankawatcha amalume. Kwawo anali atasiya mwana wamng'ono m'manja mwa amayi ake kuti adzaphunzire.

Phee anajambula kamphete ka kapangidwe kakekake, ndipo tizichipu take tinakasemedwa kufakitale yakutali, kumene munthu amadikira mpaka kuiwala kuti anatumizako kanthu. Tizichiputo titafika, tsoka linatitsata. Kena kanasweka ponyamula. Kena kanapezeka ndi fumbi pakanjira. Kachitatu kanapsa ali m'kati moyesa, a Mbama ali pampando wawo, ndipo ndi kamene kanaulula vuto. Mphamvu ikakwera kachipu kankatentha, khomo la kanjira linkasuntha pang'ono, kuwala n'kuphonya n'kuwotcha m'mphepete. Panatsala kamodzi. Nthawi ya maphunziro a Phee inali kumapeto, ndipo kudikira tina kunali kosatheka. Kakanafa kameneka, akanabwerera kwa mwana wake chimanjamanja.

Masana ena Phee, a Pulofesa ndi a Mbama anakumana m'labu, ndipo Phee ndi amene anayamba.

“Pakufunika anthu atatu, madamu,” anatero. “Ine ndizisaka mtundu wa kuwala umene kamphete kakufuna. Inu muzikweza mphamvu. Wachitatu azitsatira khomo ndi ulusi likamasuntha, mpaka kumapeto.”

“Ndiitana wina wa kulabu ya pamwamba,” anayankha a Pulofesa.

“Ine ndikufuna amalume.”

A Pulofesa anavula magalasi n'kuwapukuta ndi kolala ya malaya. “Iwe, ukudziwa chifukwa chake panjapo pali mpando?”

“Ndikudziwa, madamu. Aliyense amandiuza. Koma kachipu ndi kanga, ndipo zala zimene ndimazikhulupirira ndi zawo.”

A Mbama anali ataima pomwepo, ndipo dzanja lamanja linali litayamba kale kukwera. Analigwira ndi lamanzere n'kulikankhira m'thumba. A Pulofesa anaziona zonsezo. Anapuma mozama, n'kunena kuti, “Bambo, mwamva nokha. Mawa m'mawa. Koma mudziwe kuti mukamenya tebulo, mwamenya digiri ya mwanayu.”

Ulendo wobwerera kunyumba tsiku limenelo unali wovuta kwa okwera nawo basi. Bambo wina amene anakhala nawo pafupi anauzidwa za kamphete, za chipeso ndi za kubiriwira, ndipo anatsika siteji yake isanakwane akusisita bondo. Koma pofika pakhomo chimwemwe chija chinali chitasakanikirana ndi mantha. A Mbama anafotokozera akazi awo ali chiimire, akuzungulira pabalaza, manja onse ali m'matumba. Mayiwo anamvetsera uku akupinda zovala.

“Khalani pansi ndikuyeseni,” anatero atamaliza. Anathira tiyi m'makapu awiri n'kuika patebulo. “Ikani manja pamaondo. Chilichonse chimene ndinene, dzanja lisachoke.”

“Nenani, mayi. Ine lero ndine mwala.”

“Mwana wanu wamkazi anaimba foni masana. Ndi woyembekezera.”

Pha! Tiyi anafika mpaka pakhoma.

“Mwalephera,” anatero mayiwo akutenga kansalu kopukutira.

“Aa, mayi, mayeso otani onamiza munthu wamkulu?”

“Wakunamizani ndani? Mukhala agogo.”

Tebulo linamenyedwa kachiwiri, ndipo kapu imodzi inagubuduka n'kuswekera pansi. Anaseka onse awiri mpaka nthiti kuwawa. A Mbama anaimbira mwana wawo foni, anaimbiranso mkamwini, onse anawagonthetsa m'kutu. Koma atayang'ana zidutswa za kapu pansi paja, kuseka kunawathera. Kenaka anati, “Mayi, ine mawa ndikamuphera mwana wa eni tsogolo. Bwanji ndikauze a Pulofesa aitane wina? Mpando uja ndinauzolowera kale.”

Akazi awo anakhala pansi moyang'anizana nawo. “Bambo, kodi mumaganiza kuti ine mwana akamatuluka sindisangalala? Mtima umavina. Koma sindiyang'ana chimwemwe changa, ndimayang'ana mayi wa mwanayo, chifukwa mwini nkhani ndi iyeyo. Inu vuto lanu, chabwino chikachitika mumachilanda chonse ngati chanu. Mawa zikayamba, musatong'olere maso pasikirini. Muyang'ane mtsikanayo.”

“Nanga khomo ndilitsatira bwanji?”

“Si inu mumatitopetsa ndi kamita kanu kolira ngati udzudzu? Makutu muli nawo.”

Kutacha a Mbama anafika labu isanatsegulidwe, atavala malaya awo a kuukwati. Mlonda anawafunsa ngati kuli mwambo, iwo n'kuyankha kuti inde, ndi waukulu. A Pulofesa ndi Phee atafika, onse anavala zophimba nsapato ndi magalasi oteteza maso. Phee anatsegula kabokosi, n'kunyamula kachipu ndi kambaniro, n'kukagoneka pamalo pake pansi pa kamera. A Pulofesa anayatsa getsi lofiira la pachitseko, lochenjeza aliyense kuti asalowe.

A Mbama anawerama, lilime pakati pa mano. Pasikirini ya kamera nsonga ya ulusi inkaoneka ngati pensulo yosongoka ikuyandikira khoma. Anapotokola pang'ono, kuima, kupotokolanso. Kamita kanayamba kulira chapansipansi. Anasunthira kumanzere, kulira kunazilala. Anabwerera, kunadzuka. Anakweza pang'ono, ndipo kulirako kunakwera mpaka kukhazikika pamwamba, koonda, kosagwedera. Kuwala kunali kutalowa.

A Pulofesa anayang'ana kuchitseko mwachizolowezi. “Apa ndi pamene mumatulukira, bambo.”

“Lero ayi, madamu,” anatero Phee.

A Mbama anasiya dzanja lamanzere pakachitsulo. Lamanja analipititsa kumbuyo n'kugwira lamba wa buluku mwamphamvu, ngati wapolisi wagwira wakuba.

Mphamvu inayamba kukwera. Poyamba zonse zinali bwino. Kenaka kulira kwa kamita kunatsika pang'ono, ndipo a Mbama anadziwa kuti khomo layamba ulendo. Analitsatira ndi nsonga za zala, kulira kunabwerera. A Pulofesa anawonjezera, khomo linathawanso, iwo analitsatiranso. M'chipinda chozizira chija thukuta linali kamukamu, likutsikira m'khosi mwa malaya a kuukwati. Nthawi ina kulira kunagwa kwambiri moti a Pulofesa anati, “Ndizimitse?” A Mbama anapukusa mutu. Anasuntha mbali ina, kunaipiraipira. Anabwerera mbali inayo mofatsa, ndipo udzudzu uja unadzukanso. Phee anali pakompyuta yake, akusintha mtundu wa kuwala pang'onopang'ono, nkhope ili gwa ngati masiku onse.

“Kayamba kudzaza,” ananong'ona Phee.

A Mbama anali atalonjeza kuti sayang'ana, koma diso ndi diso. Pakona ya sikirini ya kamera, pamene panali mdima, panaoneka kamzere kozungulira. Kanayamba mozilala, kenaka kanayaka. Kunali kubiriwira kumene palibe wophunzira anakufotokoza molondola, kowala ngati tsamba lanthete dzuwa likaliwomba kumbuyo. Pasikirini ya kompyuta, pambali pa dzino limodzi la kuwala kolowa limene linali lokha, panaphuka lina kumanja, lina kumanzere. Kenaka lachitatu lija, limene anakhala akulidikira chiyambire tsiku la tsoka, linabwera ndi anzake. Mano ankangophuka, kuphuka, mpaka kudzaza sikirini mbali zonse, oima mwadongosolo ngati achita kuyezedwa. Kachinthu kochepa ngati chikhadabo kanali kutulutsa zonsezo, ndipo kuwala kwake kunalowa kudzera m'zala zawo.

Chimwemwe chinawagunda pachifuwa. Anachimva chikutsikira paphewa, pachigongono, ndipo dzanja lamanja linataya lamba lokha osapempha. Linali kale m'mwamba pamene anakumbukira mawu a akazi awo. Anachotsa maso pasikirini mokakamiza n'kutembenukira kwa mwini nkhani.

Phee anali wina. Pakamwa panali yasa, mano onse ali mbee, misozi ikutsika pansi pa magalasi oteteza maso. Anali ataimirira osadziwa kuti waimirira. Ndipo dzanja lake lamanja linali likukwera, chikhatho chotambasuka, molunjika pamwamba pa tebulo.

Dzanja lotero a Mbama ankalidziwa kuposa munthu aliyense. Ankadziwa pamene limaima, ndi liwiro limene limatsikira. Lawo lija, limene linali kale m'mwamba, linasintha njira. Linagwira mkono wa Phee pamene unkatsika, ndipo manja awiriwo anaima m'malere, chikhatho cha mtsikanayo chitatsala pang'onong'ono kufika pachitsulo. Dzanja lamanzere silinachoke pakachitsulo kake. Kamita kankalirabe pamwamba.

“Osati pano, mwanangu,” ananong'ona a Mbama. “Panja pali mpando.”

Phee anayang'ana dzanja lake ngati la munthu wina. Anayang'ana tebulo, anayang'ana kachipu.

“Musasunthe nonse awiri,” anatero a Pulofesa. “Kompyuta ikusunga. Musamutaye, bambo.”

Sanamutaye. Anaima choncho, mkono wa Phee uli m'dzanja lawo, ngati anthu ovina amene nyimbo yawathera pakati. Ndipo popeza dzanja lovuta lija linali ndi ntchito, a Mbama anapeza kuti tsopano akhoza kuyang'ana mmene angafunire. Anayang'ana kamphete kobiriwira. Anayang'ana chipeso kuyambira dzino la kumapeto uku mpaka la kumapeto uko. Khomo likasuntha ankalibweza ndi khutu, maso osachoka. Anaonerera mpaka kukhuta, akuseka popanda mawu, mapewa okha akugwedezeka.

A Pulofesa atanena kuti zonse zasungidwa, anatsitsa mphamvu mpaka kuzimitsa. Kubiriwira kuja kunazilala. A Mbama anabweza ulusi kutali ndi kachipu, ndipo pokhapo anamasula mkono wa Phee. Mtsikanayo anafuna kunyamula kachipu koma zala zinkamukana, choncho a Pulofesa ndi amene anakabwezera m'kabokosi n'kutseka chivundikiro. Kanali kamoyo, kopanda ngakhale kachipsera.

“Tulukani,” anatero a Pulofesa. “Nonse. Mwakachetechete.”

Anayenda monyang'ama mpaka kuchitseko, kutsegula pang'onopang'ono, kutseka pang'onopang'ono. Mukolido mpando woyera uja unali pamalo pake. A Mbama anautambasulira dzanja mwaulemu, monga munthu wopatsa mlendo malo.

“Yamba ndiwe, mwini wake.”

Phee anaumenya. Mbama yake inali yaing'ono, yosaphunzira, koma ya mtima wonse. Anamenyanso, ndipo kuseka kumene anakusunga chifikire pasukulupo kunatuluka konse nthawi imodzi, kokweza moti a kulabu ya pamwamba anasuzumira pamasitepe. A Mbama anamuonetsa mmene akatswiri amachitira. Anasinthana choncho, uyu pha, awa pha, uku akukumbutsana zimene onse anali ataziona. “Munaona lachitatu, amalume?” “Ndinaliona, mwanangu, ndi ana ake omwe.” Mlonda anabwera akuthamanga, kuganiza kuti anthu akumenyana. Anafika mpando utagwada, mwendo umodzi uli poteropo.

A Pulofesa anatuluka atanyamula kabokosi ndi manja awiri. Anayang'ana Phee amene anali atakhala pansi akupukuta misozi, anayang'ana a Mbama amene ankapemerera chikhatho chawo, kenaka anayang'ana mpando.

“Ndikauze a kusitolo abweretse wina, madamu?” anafunsa mlonda.

“Ayi, ingokatayani,” anayankha a Pulofesa. “Pano palibenso wokhala panja.”